Ochuna sensa ya klorini ku Northmead

Madzi a m'mipope ya Lusaka amachokera mumtsinje wa Kafue n'kuyeretsedwa ku Iolanda, ena amapopedwa m'zitsime zobowola mumzinda momwemo. Klorini wothiridwamo amachepa m'njira, ndipo bungwe la WHO limati pampope pazitsalabe mamiligalamu osachepera 0.2 pa lita imodzi. Chimene chimayeza zimenezi usana ndi usiku ndi sensa, kachipangizo kokhala ngati chala komizidwa m'madzi oyenda. Koma sensa ikakhalitsa imayamba kunama.

Apa ndiye pamene pali ntchito ya amisiri ochuna sensa. Ena ndi a Lusaka Water Supply and Sanitation Company, yomwe imayang'aniridwa ndi bungwe la NWASCO. Ena amayendera maloji ndi madamu osambiramo a ku Northmead, Woodlands ndi Kabulonga, kachikwama m'manja.

M'kachikwamamo simukhala zambiri. Mmisiri amatunga madzi pafupi ndi sensayo, mamililita 10 m'kabotolo kagalasi, n'kuphwanyiramo kapiritsi ka DPD. Madzi amasanduka pinki. Amapukuta kabotoloko, chifukwa ngakhale chidindo cha chala chimasokoneza kuwala, n'kukalowetsa m'kamakina koyezera mtundu. Nambala yotulukayo ndi imene amaiuza sensa kuti iziitsatira. Akachedwa pang'ono pinki uja amasintha, ndiye kuyambiranso.

Wodziwa ntchito sathamangira kudina mabatani. Amayamba waona ngati madzi akuyenda mofanana, ngati kachikopa kakunsonga kwa sensa kachita ndere kapena kang'ambika, ngati mankhwala a m'kati mwake sanaume. Amayezanso pH, poti ikakwera klorini amafooka ndipo sensa imawerenga zochepa. Pansi pa Lusaka pali miyala ya laimu, choncho madzi a m'zitsime amasiya zoyera zouma pa chilichonse, ngakhale pa sensa. Miyala yomweyo ili ndi ming'alu yolowetsa zonyansa za m'zimbudzi, n'chifukwa chake kolera sachedwa kubuka, monga mu 2017 ndi mu 2023, mpaka odwala kukagonekedwa ku Heroes Stadium.

Chovuta n'chakuti eni malo ambiri amakhulupirira nambala yowala pakhoma kuposa munthu wa kabotolo, ndipo kumulipira amakuona ngati kutaya ndalama. Kuthimathima kwa magetsi kwa mu 2024 kunawonjezera mavuto: magetsi akabwera, sensa imafuna nthawi kuti ikhazikike, ndiye mmisiri amakhala pambali pa thanki kudikira, bwana akufunsa ngati atate amenewa abwera kudzagwira ntchito kapena kudzapuma.