Kusonkhanitsa Zida za Ntchito Zamanja Pamene Ndalama Zili Zochepa

Chaka ndi chaka, pamene tiyendera ophunzira athu m'sukulu zimene akuyeserera kuphunzitsa, timaona chinthu chimodzi pafupifupi paliponse. Kuseri kwa ofesi ya mphunzitsi wamkulu, kapena pangodya ya kalasi ina, pamakhala mulu wa madesiki othyoka, chikhalirecho ana ambiri akuphunzira atakhala pansi. Tikauyang'anitsitsa muluwo timapeza kuti madesiki ambiri sanatheretu: lina laguluka thabwa, lina lasoŵa mwendo umodzi, lina likungofuna misomali inayi. Tikafunsa chifukwa chimene sakukonzedwera, yankho limakhala limodzimodzi, lakuti zida palibe ndipo ndalama zogulira zida palibenso.

Vuto limeneli silinayambe lero. M'chaka cha 1994, pamene maphunziro a pulaimale anasanduka aulere m'Malaŵi muno, chiŵerengero cha ana m'sukulu chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo mipando ndi madesiki zinachepa kwambiri. Inu amene mukukonzekera uphunzitsi mudzatumizidwa ku sukulu zotere. Kumeneko mudzayenera kuphunzitsa ntchito zamanja, kupanga zipangizo zophunzitsira kuchokera ku zinthu zopezeka pafupi monga imanenera mfundo ya TALULAR, ndiponso kusamala katundu wa sukulu. Zonsezi zimafuna zida. M'nkhani ino tifotokoza m'mene mphunzitsi angasonkhanitsire zida zoyambira ndi ndalama zochepa. Mfundo yathu njakuti zida zochepa, zonoledwa bwino ndi zoŵerengedwa tsiku ndi tsiku, zimagwira ntchito yaikulu kuposa bokosi lodzaza ndi zida zobuntha zopanda mwini.

Ntchito Iyambe, Chida Chitsatire

Aphunzitsi ambiri amalakwa poyambira kusitolo. Komiti ya sukulu ikawapatsa kandalama, amakwera basi kupita kutauni nakaloŵa m'sitolo ya zitsulo asakudziŵa chimene akufuna. Chilichonse chonyezimira chimawakopa, ndipo akale anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Amabwerako ndi masipanala khumi ndi aŵiri a m'kabokosi kokongola, koma tupa wonolera sowo atamuiŵala.

Musanagule kanthu, tengani kope ndi pensulo muzungulire sukulu yonse pamodzi ndi mphunzitsi wamkulu. Lembani ntchito zonse zimene zikudikira: madesiki ofuna kukhomedwa, chitseko chosatsekeka, mipini ya makasu a m'munda wa sukulu, marula aakulu olembera pabolodi. Pambali pa ntchito iliyonse lembani chida chimene ikufuna. Chida chimene chatuluka kaŵirikaŵiri pamndandandawo ndicho choyamba kugula. Mwachitsanzo, ngati madesiki anu ndi a miyendo yachitsulo yomangidwa ndi mabawuti, masipanala aŵiri okha, ya 10 mm ndi ya 13 mm, amakwana pa mabawuti ambiri otere. Khumi otsala aja akanangochita dzimbiri m'kabokosi.

Dongosolo la Kagulidwe

Ntchito ya matabwa ili ndi magawo anayi: kuyeza, kudula, kusalaza ndi kulumikiza. Nkwanzeru kugaŵa kagulidwe pa materemu atatu a chaka, kuti teremu iliyonse ikhale ndi zida zokwanira kumaliza ntchito inayake.

M'teremu yoyamba gulani tepi yoyezera ya mamita 3, sikweya imodzi, sowo imodzi yotalika pafupifupi 550 mm yokhala ndi mano 7 kapena 8 pa 25 mm iliyonse, ndi hamala yokhala ndi mphanda yozulira misomali, yolemera magalamu 450. Pamodzi ndi zimenezi gulani tupa wa mbali zitatu ndi mwala wonolera. Ziŵirizi musazisiye poganiza kuti mudzagula mtsogolo, chifukwa ndizo zimapatsa zida zina zonse moyo wautali. Ndi zida zisanu ndi chimodzi zimenezi madesiki ambiri a pamulu uja abwerera m'kalasi.

M'teremu yachiŵiri onjezani matchizulo atatu, ya 6 mm, ya 12 mm ndi ya 25 mm, pulayala imodzi, ndi sowo yodulira zitsulo. M'teremu yachitatu ndi pamene mugule puleni ndi chiboolero chopukusa ndi manja. Puleni taiika kumapeto chifukwa njokwera mtengo, komanso imafuna munthu amene wazoloŵera kale kunola. Poyembekeza, kasemasema wa kumudzi ndi sandipepala zingathe kusalaza ntchito zambiri.

Pa makwacha asanu alionse amene mwapatsidwa, sungani imodzi yogulira misomali, guluu ndi sandipepala. Taona sukulu zimene zinagula zida zabwino ndi ndalama zonse, kenaka zidazo nkugona teremu yathunthu chifukwa chosoŵa misomali. Za zida zamagetsi tinene mwachidule: sukulu zambiri zilibe magetsi, ndipo mtengo wa chida chimodzi chotere ungagule zida zamanja zotumikira gulu lonse la ana.

Kuyesa Chida Musanalipire

Pamsika pamapezeka zida zogwiritsidwa kale ntchito, ndipo zina mwa izo nzachitsulo chabwino kuposa zatsopano zotsika mtengo. Pitani ndi kalipentala wa m'mudzi mwanu, pakuti maso ake anazoloŵera, ndipo yesani chida chilichonse motere.

Sowo muiyang'ane ndi diso limodzi kuchokera kuchigwiriro, muone ngati njowongoka. Muipinde pang'ono, yabwino imabwerera yokha m'malo mwake. Chenjerani ndi sowo ya mano akuda kunsonga. Mano otere anaumitsidwa kufakitale kotero kuti tupa sawagwira. Sowoyo imadula bwino poyamba, koma ikabuntha njotaya. Sukulu yosauka ifunika sowo yonoleka.

Sikweya muigunditse pam'mbali powongoka pa thabwa mulembe mzere, kenaka muitembenuze mulembenso pamalo omwewo. Mizere iŵiriyo ikagwirizana, sikweyayo njoona. Ikapanga mphanda, isiyeni. Tchizulo muikhudze ndi tupa pafupi ndi kunsonga. Tupa akamaluma mosavuta ngati akudya msomali, chitsulocho nchofeŵa ndipo sichidzasunga kuthwa. Hamala ikhale yosagwedera pampini ndi yosabenthuka kumaso. Puleni muiyeze kunsi ndi rula, muonenso ngati ilibe mng'alu pafupi ndi pamene mpeni umatulukira. Dzimbiri lapamwamba lisakuopseni, limachoka ndi sandipepala. Choopsa ndi timaenje takuya pafupi ndi podulira.

Musagule chida chokhala ndi chizindikiro cha sukulu kapena kampani ina, ngakhale chitsike mtengo chotani, chifukwa mwina nchobedwa. Pa chilichonse chimene mwagula sungani lisiti, kapena lembani mtengo pamaso pa mboni. Ndalamazo si zanu, ndipo mphunzitsi amene walephera kulongosola kagwiritsidwe ntchito kake amataya chikhulupiriro cha makolo.

Zida Zopanga Tokha

Zida zambiri sizifunika kugula konse. Hamala yamtengo yomenyera tchizulo tingaiseme kuchokera ku chidutswa chouma cha mtengo wolimba monga muŵanga, ndipo imateteza zigwiriro za matchizulo zimene hamala yachitsulo ikanaziswa. Cholembera mizere yotsata m'mbali mwa thabwa chimapangidwa ndi kachipika koboola pakati, kandodo koloŵa m'bowolo, ndi msomali wosongoledwa ndi tupa. M'malo mwa vaisi, khomerani timatabwa tiŵiri pabenchi, muike ntchito yanu pakati pake ndi kuipana ndi mphero yamtengo yokhomera m'mbali. Pomata matabwa ndi guluu, mphira zodulidwa kuchokera ku chubu chakutha kapena chingwe chopotedwa ndi kamtengo zimapana mokwanira. Chidutswa cha mpeni wothyoka wa sowo yodulira zitsulo, chikanoledwa ndi kukulungidwa nsanza kogwirira, chimasanduka kampeni kolembera pathabwa.

Musaiŵale wosula zitsulo. Sipuling'i yakutha ya galimoto ndi tupa wakale nzachitsulo cholimba, ndipo pachipala zingasulidwe kukhala tchizulo kapena kasemasema. Wosula amatentha chitsulocho mpaka chifiire, nachiziziritsa mwadzidzidzi kuti chiume, kenaka amachitenthanso pang'ono mpaka nsonga ioneke ngati udzu wouma, kuti chisamabenthuke. Ntchito imeneyi musiyireni iye. Tupa wakale amene sanapite pamoto musammenye ndi hamala kapena kutsekulira kanthu, chifukwa amathyoka nkuulutsa tizidutswa toloŵa m'maso.

Kunola

Chida chobuntha chimatopetsa mwana, chimawononga thabwa, ndipo chimavulaza kuposa chakuthwa, popeza mwana amachikankha ndi mphamvu mpaka chimaterereka. Nchifukwa chake mphunzitsi aliyense ayenera kudziŵa kunola asanaphunzitse kudula.

Tchizulo ndi mpeni wa puleni zimanoledwa mbali imodzi yokha, yopendekeka ija, pa madigiri 25 mpaka 30. Ngati mulibe choyezera madigiri, kumbukirani kuti pa madigiri 30 utali wa mbali yopendekekayo umakhala kaŵiri kuchindikala kwa chitsulocho. Thirani timadontho ta oyilo pamwala, ndipo yendetsani chitsulo pamwala ponse kuti mwalawo usakumbike pakati. Pitirizani kufikira chala chitamva kachitsulo kopyapyala kopindikira kumsana. Pamenepo gonekani msana wa tchizulo pamwala, mukhule kaŵiri kapena katatu, ndi kumalizira pa lamba wachikopa. Mwala wa kudambo ngwabwino pa nkhwangwa ndi chikwanje, koma tchizulo imafuna mwala wosalala ndi wolingana.

Sowo muipane pakati pa timatabwa tiŵiri, mano okha akuonekera. Mano ake amapindidwa pang'ono mosinthanasinthana, lina kumanja lina kumanzere, kuti njira imene akudula ikhale yotakata kuposa sowoyo. Popanda zimenezi sowo imakanirira m'thabwa. Dzino lililonse lilandire mikhulo yofanana ya tupa, ndipo kumbukirani kuti tupa amadya pokankha, osati pobweza. Phunzirani pa sowo yakutha musanagwire yatsopano.

Kusunga ndi Kuŵerenga

Zida za sukulu zimatha ndi zinthu ziŵiri, dzimbiri ndi kubwereka. Nyengo ya mvula pukutani chida chilichonse ndi kansanza kodontheza oyilo wa makina osokera, ndipo musasiye zida pansi. Oyilo wakuda wochokera mu injini ana asamgwire, chifukwa muli zinthu zowononga khungu. Mano a sowo atetezeni ndi chidutswa cha paipi yamphira yong'ambidwa m'litali.

Pachivundikiro cha bokosi kapena pathabwa lopachikapo zida jambulani chithunzi cha chida chilichonse pamalo ake, kuti chosoŵa chionekere msanga. Zida ziŵerengedwe phunziro lisanayambe ndiponso lisanathe, ndipo udindo umenewu upatsidwe kwa ana aŵiri, mtsikana ndi mnyamata, mosinthana sabata ndi sabata. Anthu a m'mudzi adzabwera kudzabwereka, ndipo kukana kotheratu nkovuta pakuti ena mwa iwo ndiwo anasonkha ndalamazo. Gwirizanani ndi komiti kuti wobwereka aliyense alembedwe m'kaundula pamodzi ndi tsiku lobweza. Mphunzitsi nayenso alembedwe akatenga chida kupita nacho kunyumba.

Sowo Imodzi, Ana Makumi Asanu ndi Limodzi

Funso limene ophunzira athu amatifunsa kaŵirikaŵiri nlakuti zida zochepa chotere zingatumikire bwanji kalasi yaikulu. Yankho lili m'magulu. Gulu lina liyeze ndi kulemba mizere, lina lidule pafupi ndi mphunzitsi, lina lisalaze, lina liwongole misomali yakale pamwala, lina lijambule ndi kulemba miyeso m'makope. Pakapita nthaŵi magulu asinthane. Oyeza angathenso kupanga sikweya zawo zamatabwa: mbali za 30 cm, 40 cm ndi 50 cm zikalumikizidwa zimapanga ngodya ya madigiri 90, ndipo pamenepo masamu aloŵa m'manja mwa mwana. Aphunzitseninso kuti msomali utalike pafupifupi katatu kuchindikala kwa thabwa limene ukukhoma, ndi kuti msomali wobunthitsidwa pang'ono kunsonga sung'amba thabwa msanga.

Malamulo achitetezo akhale ochepa koma osaphwanyidwa. Manja onse aŵiri akhale kumbuyo kwa nsonga ya tchizulo. Tupa asagwiritsidwe ntchito wopanda chigwiriro, chifukwa mchira wake umaboola chikhato. Chida chakuthwa chinyamulidwe choloza pansi, ndipo chisaponyedwe kwa mnzake.

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Sukulu imene yatsata dongosolo ili idzakhala ndi zida pafupifupi khumi ndi zisanu zogula pakutha pa chaka, pamodzi ndi zina zopangidwa ndi ana eni ake. Tikupempha aliyense wa inu kuti popita kukayeserera kuphunzitsa akaŵerenge madesiki othyoka a pasukulu yake, akalembe chimene lililonse likusoŵa, ndipo akafunse mitengo ya zida zisanu ndi chimodzi zoyambirira zija pamsika wapafupi. Mudzabwere nazo zimenezi kukoleji kuno, tidzakambirane pamodzi.