GRACE CHANDA, MWINI WACE WA PAKATI PA BWALO

Munthu woyenda pa mseu waukulu wa Great East Road dzuwa litapendeka, akapitirira Chongwe ndi kulowa m'boma la Rufunsa, amaona fumbi likukwera pa mabwalo a masukulu kuyambira ku Chinyunyu mpaka kwa Mfumu Mpanshya. Ana amakhala ali kalikiliki kuthamangitsa cimpombwa, mpira uja wa mapepala a pulasitiki omangidwa ndi zingwe. M'masiku a KK 11, pamene mudzi wonse unali kuzungulira wailesi imodzi kumvera malemu Dennis Liwewe akuulutsa mpira, fumbi lotere linali la anyamata okhaokha. Mtsikana nthawi imeneyo anali pa mtondo kapena ku citsime, ndipo ngati aphunzitsi amulola kusewera, masewera ace anali mpira wa manja basi. Lero atsikana nawonso amamanga citenje m'ciuno ndi kulowa m'bwalo. Dzina limene limamveka kwambiri pakamwa pao ndi la Barbra Banda, mfumukazi ya zigoli. Koma anthu odziwa mpira sacedwa kuchula dzina lina, la Grace Chanda, wosewera pakati amene anathandiza kutsegula khomo limene Barbra ndi anzace analowera.

Nchito ya wosewera pakati ndi yobvuta kuiona kwa munthu amene amangoyembekezera kuti ukonde ugwedezeke. Iye amaima pakati pa ochinga kumbuyo ndi omwetsa zigoli kutsogolo. Adani akabwera ndi mpira, woyamba kuwatsekera njira ndiye. Mpira ukalandidwa, ndiyenso ayenera kudziwa mnzace amene ali pabwino asanaulandire n'komwe. Afanana ndi mai wa panyumba pa tsiku la ukwati: alendo amayamika nsima ndi ndiwo, koma ndi ocepa amene amafunsa za amene anadzuka tambala woyamba kukoleza moto. Cimene cinasiyanitsa Grace ndi ena n'cakuti iye sanakhutire ndi kugawira anzace mpira. Anali kumwetsanso zigoli monga wakutsogolo weniweni.

Grace anabadwa pa 11 Juni 1997. M'mwezi wa Marichi 2014, ali ndi zaka 16, anali m'gulu la atsikana osapitirira zaka 17 amene anapita ku Costa Rica kukasewera Cikho ca Dziko Lonse ca msinkhu umenewo. Aka kanali koyamba kuti timu ya akazi ya Zambia ifike pa mpikisano wotere wa bungwe la FIFA. Anagonja kwa Italy ndi Venezuela, koma pa masewera otsiriza anakwapula eni mudzi 2-1. M'gulu lomwelo munalinso Barbra Banda, akali kamtsikana.

Atabwerako anakulira mu timu ya atsikana ya ZESCO ku Ndola. Malipoti a caka ca 2018 anaonetsa kuti anamwetsa zigoli 86 pa masewera 26 okha, ndiko kunena kuti zigoli zoposa zitatu pa masewera alionse. Ciwerengero cimeneci cionetsa luso lace, komanso, kunena cilungamo, cionetsa mmene matimu ambiri a akazi analili ofooka pa nthawiyo, opanda aphunzitsi odziwa nchito, opanda nsapato, ena opanda ngakhale galimoto yopitira ku masewera. Pambuyo pace anasamukira ku Red Arrows, timu ya asilikari a ndege ku Lusaka.

Dziko linamudziwa bwino pa ulendo wofuna malo ku masewera a Olympics a ku Tokyo. Africa inali ndi malo amodzi okha otsimikizika. Atsikana a mphunzitsi Bruce Mwape anadutsa Zimbabwe, Botswana ndi Kenya, ndipo pa ndime yotsiriza anakumana ndi Cameroon, timu ya akazi amphamvu, ambiri a iwo osewera ku Ulaya, imene caka ca 2019 inali itangocokera ku Cikho ca Dziko Lonse ku France. Ndi ocepa amene anapatsa Zambia mwai. Pa 5 Marichi 2020 ku Yaoundé, Cameroon inapambana 3-2. Zigoli ziwiri za Zambia zonse zinali za Grace Chanda.

Tsiku limenelo ambiri anaona ngati ndi kugonja cabe. Koma lamulo la mpikisano linali lakuti matimu akalingana zigoli pa masewera awiri, zigoli zomwetsa kwa eni ace ndizo zimagamula mlandu. Pa 10 Marichi, pa bwalo la Nkoloma mu Lusaka, Mary Mwakapila ndi Hellen Mubanga anamwetsa cigoli cimodzi cimodzi, Cameroon inabweza cimodzi kumapeto, ndipo masewera anatha 2-1. Kuphatikiza zonse zinali 4-4. Zambia inali ndi zigoli ziwiri za ku Yaoundé, pamene Cameroon inali ndi cimodzi cokha ca ku Lusaka. Motero zigoli zija za tsiku logonja ndizo zinagula tikiti ya ku Japan. Grace anatsiriza mpikisanowo ndi zigoli 8, kuposa wina aliyense mu Africa. Mpira wa Zambia unali utatha zaka zoposa 30 usanaonekenso ku Olympics, cicokere 1988 pamene Kalusha Bwalya ndi anzace anacititsa manyazi Italy 4-0 ku South Korea.

Cisangalalo sicinakhalitse, pakuti patangopita sabata imodzi matenda a COVID-19 anapezeka m'dziko lino, ndipo masewera a Tokyo anakankhidwira ku 2021. Atafika kumeneko, Netherlands inawathira zigoli 10 kwa 3, analingana 4-4 ndi China, nagonja 1-0 kwa Brazil. Dziko lonse linalankhula za Barbra, amene anamwetsa zigoli zitatu zitatu pa masewera awiri otsatizana.

Caka ca Grace cinali 2022. Pamene timu inali kukonzekera Cikho ca Africa ku Morocco, kunamveka kuti Barbra Banda sadzasewera cifukwa ca mkangano wa malamulo a zopima m'thupi. Nkhaniyi inawawa anthu ambiri, ndipo ena anayamba kale kulira maliro a timu mpira usanayambe. Lamba wa ukaputeni anamangidwa pa mkono wa Grace. Anali ndi zaka 25, wosakonda zolankhulalankhula, ndipo tsopano anafunika kukhala mtsogoleri, wogawa mpira ndi womwetsa zigoli pa nthawi imodzi.

Masewera oyamba analingana 0-0 ndi Cameroon yomwe ija. Aciwiri, a Tunisia, anaoneka ngati nawonso atha opanda cigoli, kufikira Avell Chitundu anagwedeza ukonde mphindi 90 zitakwana kale. Pa acitatu Togo inagwa 4-1, ndipo ziwiri mwa zigolizo zinali za kaputeni. Tsono panafika tsiku la 13 Julai ku Casablanca, masewera ndi Senegal, amene mphotho yace inali yoposa cikho: wopambana anali kupita ku Cikho ca Dziko Lonse. Senegal inatsogola, Chitundu anabweza, nthawi yoonjezera inatha ali 1-1, ndipo mlandu unapita ku mapenoti. Woima pagolo Hazel Nali anagwira nchito yace pa mzere, kenaka anabvula mantha natenga mpira yekha kukamenya penoti yotsiriza. Unalowa. Zambia inapambana 4-2, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri, timu yaikulu ya dziko lino, ya amuna kapena ya akazi, inapeza malo ku Cikho ca Dziko Lonse. Zimene KK 11 ndi Chipolopolo analephera kwa zaka makumi ambiri, anazicita ndi ana akazi.

Pa ndime yotsatira South Africa inapambana 1-0 ndi penoti yoperekedwa kumapeto kwenikweni woimba mluzu atayang'ana pa kanema, cigamulo cimene okonda mpira m'dziko lino akali kukangana naco mpaka lero. Koma pa 22 Julai atsikana anapukuta misozi nagonjetsa Nigeria 1-0, dziko limene latenga cikho cimeneci kambiri kuposa ena onse, ndipo anabwera kwao ndi mendulo ya malo acitatu. Grace anasankhidwa pakati pa osewera 11 opambana pa mpikisano wonse. Bungwe la CAF linamuikanso pa maina atatu otsiriza a mkazi wosewera bwino mu Africa caka cimeneco, pamodzi ndi Ajara Nchout wa ku Cameroon ndi Asisat Oshoala wa ku Nigeria, amene anatenga mphothoyo.

Pa nthawiyi anali atayamba kale kudya thukuta lace kunja. Timu yace inali BIIK ya mu mzinda wa Shymkent ku Kazakhstan, dziko lakutali la cisanu coopsa, kumene Racheal Kundananji anayambirako. Mu Ogasiti 2022, pa masewera ace oyamba mu mpikisano wa matimu akuluakulu a ku Ulaya, anamwetsa zigoli zitatu pamene BIIK inagonjetsa Split ya ku Croatia 5-1. Mwezi wotsatira timu ya Madrid CFF ya ku Spain inamutenga, nakapezana ndi Kundananji.

Akulu anati tsoka silinunkha. Mu Julai 2023 Grace anakwera ndege pamodzi ndi anzace kupita ku New Zealand, kumene Cikho ca Dziko Lonse cinali kucitikira mogawana ndi Australia. Kutatsala pang'ono kuti akumane ndi Japan mu mzinda wa Hamilton pa 22 Julai, kunalengezedwa kuti iye wadwala ndipo sadzasewera mpikisano wonse. Malo ace anatenga Comfort Selemani. Hazel Nali nayenso anali atatsala cifukwa ca bondo. Anthu awiri amene anakhoma msomali wotsiriza ku Casablanca sanaponde udzu wa mpikisano umene anaubvutikira. Kusowa kwa Grace kunaonekera poyera pakati pa bwalo: Japan inapambana 5-0, Spain nayonso 5-0, ndipo akutsogolo a Zambia anali kuyembekezera mpira umene sunali kufika. Pa masewera otsiriza m'pamene anatonthoza mitima pogonjetsa Costa Rica 3-1.

Matendawo anamudyera pafupifupi nyengo yonse ya mpira ku Spain. Atacira, kumapeto kwa Mei 2024, timu ya Orlando Pride ya ku America inalengeza kuti yamulemba nchito, ndi kuti adzafika akatsiriza masewera a Olympics a ku Paris. Barbra Banda anali kale komweko. Koma ku France Grace anabvulala mtsempha waukulu wa nchafu, umene umaongola bondo pomenya mpira, ndipo madokotala a Orlando anati caka cimeneco sadzaseweranso. Akuluakulu a timuyo sanabise mkwiyo wao. Analengeza kuti akadandaula ku FIFA, ponena kuti bungwe la FAZ silinasamale bwino thanzi la wosewerayo. Nkhani imeneyi njosakondweretsa, koma siyenera kubisidwa pansi pa mphasa. Miyendo ya wosewera ndiyo khasu lace, ndipo zaka zolimira nalo n'zowerengeka. Mu Novembala 2024 Orlando Pride inatenga cikho ca America ndi cigoli ca Barbra, Grace akuonerera ali kunja kwa mzere.

Makolo a ku Rufunsa amene amafunsa ngati mpira ungadyetse mwana wamkazi ali ndi yankho la mbali ziwiri m'mbiri imeneyi. Mbali yoyamba njakuti inde: mu 2024 matimu a ku America analipira ndalama zoposa madola 700,000 pa Kundananji, ndi zoteronso pa Barbra, mitengo imene inali pamwamba pa dziko lonse pa mpira wa akazi nthawi imeneyo. Mbali yaciwiri njakuti ofika pamenepo ndi owerengeka, ndipo ngakhale iwo matenda kapena kubvulala kukhoza kuwakhazika pansi tsiku limodzi. N'cifukwa cace mwana wokonda mpira sayenera kutaya kope. Kuyambira 2022 maphunziro m'masukulu a Boma ndi aulere mpaka giredi 12, ndipo kuyambira 1997, caka comwe Grace anabadwa, mtsikana amene watenga pathupi ali pa sukulu amaloledwa kubwerera m'kalasi akabereka. Bvuto la maboma akumidzi monga Rufunsa ndi lakuti matimu akuluakulu a akazi ali ku Lusaka ndi ku Copperbelt. Mtsikana waluso wa kwa Shikabeta kapena kwa Bunda Bunda akhoza kukula mpaka kukwatiwa wopanda mphunzitsi wa timu yaikulu amene wamuonapo. Khomo limene liripo ndi mipikisano ya masukulu, yocokera pa zoni kufika pa boma ndi pa cigawo, ndipo khomo limenelo limatseguka pokhapo mphunzitsi wamkulu akabvomera kugula mpira wa atsikana ndi makolo akalola mwana kukwera galimoto.

Grace anabwerera m'bwalo mu 2025, nabvala malaya a Orlando Pride kwa nthawi yoyamba pa masewera a ligi. Mu Julai caka comweco mphunzitsi watsopano wa Copper Queens, Nora Häuptle wa ku Switzerland, anamutenga pa ulendo wa ku Morocco, dziko lomwe lija anachukirako. Zambia inalingana 2-2 ndi eni mudzi, inagonjetsa Senegal 3-2 ndi DR Congo 1-0. Pa 18 Julai ku Casablanca inakumananso ndi Nigeria, ndipo ulendo uno a Nigeria anabweza cipongwe ca 2022 ndi zigoli 5 kwa 0.