Gudumu louma limadya mwala ndi mapapo omwe

Mwala ukamatuluka m'dzenje ku Mzimba suoneka ngati chinthu choti munthu n'kutayirapo ndalama. Aquamarine amatuluka ali dothi lokhalokha, ming'alu ili mbwee. Ruby ndi sapphire wa paphiri la Chimwadzulu ku Ntcheu, ngakhalenso agate wa ku Ngabu m'boma la Chikwawa, nawo n'chimodzimodzi. Mtengo umayamba kukwera mwalawo ukadutsa pa sowo, pa gudumu lopera ndi pa chopukutira. N'chifukwa chake aboma ndi amalonda a miyala akuimba nyimbo imodzi masiku ano, yoti tileke kugulitsa kunja miyala yosakonza, tizidula ndi kusalaza konkuno. Anzathu a ku Zambia ali nayo kale sukulu ya ntchitoyi ku Ndola, ya Gemstone Processing and Lapidary Training Centre.

Maganizowo ndi abwino. Chimene sichimveka kawirikawiri pamisonkhano n'chakuti ntchito yopera ikabwera kwathu, fumbi lake libwera nayo limodzi.

Makina ake si ovuta kuwamvetsa. Mota imazunguza shafiti yomwe yanyamula magudumu angapo, ambiri a mainchesi 6 kapena 8, ndipo amazungulira maulendo oposa 1,400 pa mphindi imodzi. Gudumu lililonse lili ndi nambala yake. La 80 kapena 100 n'lokhakhala, loumbira mwala. La 220 limafafaniza zipsera za loyambalo. Kenako pamabwera a 600, 1,200 ndi 3,000 mpaka mwala kuyamba kung'anima. Ena ndi a silicon carbide, ena ndi achitsulo chomatidwa tizidutswa ta dayamondi. Pa muyeso wa Mohs wa kulimba kwa miyala, quartz ali pa 7, aquamarine pakati pa 7.5 ndi 8, ruby pa 9, dayamondi pa 10, choncho wofuna kusalaza ruby wa ku Chimwadzulu sangazembe kugula la dayamondi.

Pamwamba pa gudumu lililonse pamakhala kapayipi kodonthetsa madzi, ndipo moyo wa makinawo wagona pa kapayipi kameneka. Gudumu likauma, mwala umatentha n'kung'aluka, phula loumatira pakamtengo kogwirira limasungunuka, tizidutswa ta dayamondi timayoyoka. Gudumu loitanitsa kunja ndi ndalama zosowazi likamapera louma limatha msanga. Komabe zimenezi ndi za m'thumba chabe.

Quartz, amethyst ndi agate ndi miyala ya silica. Ikaperedwa youma imatulutsa fumbi losalala kwambiri moti lina silioneka ndi maso. Limenelo ndiye loopsa, pakuti limadutsa mphuno ndi kukhosi n'kukakhazikika mkati mwenimweni mwa mapapo, mmene limasiya zipsera zosapola. Nthendayi ndi silicosis. Ilibe mankhwala ochiza, imapitirira kukula ngakhale munthu atasiya ntchito, ndipo imatsegulira khomo chifuwa chachikulu cha TB. Ku Khambhat, m'chigawo cha Gujarat ku India, kumene akhala akupera agate kwa zaka mazanamazana, anthu ambiri afa nayo chifukwa chopera mwala wouma m'nyumba ndi m'makonde mwawo, akazi ndi ana akupuma nawo fumbilo.

Ife sitifunika kukaiphunzira kutali. Agogo ndi amalume athu amene anapita ku migodi ya golide ya ku South Africa kudzera ku mabungwe olemba anthu ntchito a Wenela ndi TEBA, ambiri anabwera ndi wailesi, njinga ndi chifuwa chosamva mankhwala. Mu 2019 khothi lalikulu ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa chipukutamisozi cha R5 biliyoni, chomwe chikuyendetsedwa ndi Tshiamiso Trust, cholipira amene anadwala silicosis ndi TB m'migodi ya makampani asanu ndi imodzi. Iwowo anali ndi kampani yoisumira. Nanga mnyamata wopera amethyst m'kashedi kuseri kwa nyumba, bwana yekha wantchito yekha, adzasumira ndani?

Ambiri amene amapera ndi madzi amalakwitsa poweruka. Matope oyera otsalira m'thireyi ya makina, pansi ndi pamalaya akauma amasanduka fumbi lomwe lija. Kusesa ndi tsache m'mawa mwake n'kuliulutsa dala. Matopewo awoledwe akadali onyowa, akakwiriridwe, pansi pakolopedwe. Zovala zogwirira ntchito zisalowe m'nyumba mogona ana. Kansalu kakukamwa kamene tinazolowera nthawi ya Covid-19 sikagwira fumbi lotere. Pamafunika masiki ya N95 kapena yoposa pamenepo, yogwira bwino nkhope. Wopera malachite, mwala wobiriwira wa ku migodi ya kopa ku Zambia ndi ku Congo, asamale koposa chifukwa fumbi lake lili ndi kopa, ndipo chizolowezi chonyambita mwala pofuna kuona mtundu wake achisiye.

Tsono madzi omwewo ali ndi milandu yawo. Gudumu la silicon carbide limamwa madzi. Likagona m'madzi usiku wonse, mbali yapansi imalemera, ndipo polizanso makina limagwedezeka, mwina kuphulika kumene. Odziwa ntchito amayamba atseka madzi, n'kulisiya lizungulire kwa mphindi zingapo kuti likhetse, kenako n'kuzimitsa mota. Gudumu latsopano amaligogoda pang'ono ndi chigwiriro chamtengo asanalimange: labwino limalira ngwee, long'aluka limangoti phu, ndipo loterolo n'lotaya. Poliza makina, munthu aziima chambali, osati maso ndi maso ndi gudumu, magalasi oteteza maso ali kumaso.

Mwala uziyendetsedwa mbali zonse za nkhope ya gudumu. Kuukanikiza pamalo amodzi kumakumba kangalande, ndipo gudumu lotero limayamba kulumpha ndi kuswa miyala mpaka litawongoledwa. Sowo ya dayamondi ikabuntha, nthawi zambiri siinathe. Kuidulitsa chidutswa cha gudumu lakale la silicon carbide kumavundukula dayamondi watsopano. Pochoka pa gudumu lina kupita pa linzake, mwala ndi manja zitsukidwe, chifukwa kamchenga kamodzi ka nambala 100 kakagwera pa chopukutira kamakanda ntchito ya tsiku lonse. Mabering'i akayamba kulira kapena kutentha, mwina madzi alowamo. Lamba wa mota akhale wokoka bwino, wopanda ming'alu.

Pomwe pali madzi ndi magetsi, soketi ikhale pamwamba posafika madontho, waya wa earth akhale wolumikizidwa, ndipo pakhale swichi yodula yokha magetsi akayamba kuthawira kwina. Magetsi akathima, makina azimitsidwe nthawi yomweyo, poti akabwera sapempha odi. Magolovesi, mikono yamalaya yolendewera ndi nsonga ya chitenje zonse shafiti imakoka.

Silicosis imayamba mwakachetechete, kawirikawiri patapita zaka zambiri: kachifuwa kouma, phuma pokwera kachitunda, kuonda. Zizindikirozi zimafanana ndi za TB, ndipo wodwala angathe kudwala zonse ziwiri nthawi imodzi. Wopera miyala akapita kuchipatala ndi chifuwa, awauze adokotala ntchito imene amagwira ndi zaka zimene waigwira, kuti pomujambula m'chifuwa adziwe choyang'ana.