Mayi Wodwala Khansa ya Bere Asayende Yekha

Kuno kwathu amayi sagwira ntchito yaikulu ali okha. Pookera mpunga m'madambo a Chiuta amaitanana. Pa maliro amatunga madzi ndi kuphika pamodzi. Mayi akabereka, anzake amamutolera nkhuni ndi kumuphikira phala. Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga.

Phunziro lino likunena za matenda amene amafuna chithandizo chotere kwa miyezi yambiri, ngakhale zaka. Matendaŵa ndi khansa ya bere. Mankhwala ake alipo, koma ali kutali ndipo amatenga nthaŵi. Mayi amene ali yekha amasiyira panjira. Mayi amene ali ndi anzake amamaliza.

Kodi khansa ya bere n'chiyani?

Thupi lathu linapangidwa ndi tizigawo tating'ono kwambiri totchedwa maselo. Maselo akale amafa, atsopano naloŵa m'malo mwake. Nthaŵi zina maselo a m'bere amayamba kuchulukana osaleka, ndipo amapanga chotupa. Chotupachi chikalekereredwa, nthendayo imafalikira kukhwapa, kumafupa, kumapapo ndi kuchiŵindi.

Nthendayi ili m'maiko onse. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, limene m'Chipwitikizi timati OMS, linaŵerengera kuti m'chaka cha 2022 amayi pafupifupi 2,300,000 anapezeka nayo, ndipo pafupifupi 670,000 anamwalira nayo. Amuna oŵerengeka amadwalanso.

Khansa si ufiti ndipo si chilango. Sipatsirana podyera mbale imodzi, pogona mphasa imodzi kapena pochapa zovala za wodwala. Sibwera chifukwa choyamwitsa. Kuyamwitsa mwana kumachepetsako mpata wodwala nthendayi.

Zizindikiro zake

Mayi aliyense adziŵe maŵere ake. Kamodzi pa mwezi, patapita masiku angapo atachoka kumwezi, awayang'ane ndi kuwasisita ndi zala mpaka kukhwapa. Apite kuchipatala akaona chimodzi mwa izi:

1. Chotupa cholimba m'bere kapena m'khwapa.
2. Khungu la bere kuloŵa m'kati kapena kukhakhala ngati khungu la lalanje.
3. Nsonga ya bere kuloŵa m'kati, pamene kale sinali choncho.
4. Magazi kutuluka kunsonga ya bere.
5. Chilonda chosapola pabere.

Kaŵirikaŵiri chotupa cha khansa sichiŵaŵa poyamba. Ichi ndicho chimanyenga amayi ambiri, ndipo amati, “Sichikupweteka, ndidikire ndikolole kaye.” Zotupa zambiri za m'bere si khansa ayi, koma wodziŵa kusiyanitsa ndi wachipatala yekha. Mnzanu akakuuzani kumjigo kuti wapeza chotupa, musamuopseze ndiponso musamuuze kuti chitha chokha. Muuzeni kuti, “Maŵa m'maŵa ndikuperekezani.”

Ulendo wake ndi wautali

M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo m'Mozambique unakhazikitsa ntchito yopima amayi khansa ya khomo la chiberekero ndi ya bere. Anamwino amapima maŵere kumalo olandirira njira za kulera. Choncho ulendo umayambira pa chipatala chaching'ono chapafupi.

Namwino akakayika ndi chotupacho, amalemba kalata yotumiza wodwala ku chipatala chokulirapo. Kalatayi timaitcha guia. Mayi wa ku Entre Lagos amatsata njanji makilomita 77 kukafika ku Cuamba. Wa ku Mandimba kapena ku Massangulo m'boma la Ngauma amakwera chapa pa msewu wa N13, kuloŵera ku Cuamba kapena ku Lichinga. Kuti adziŵe ngati ndi khansa, madokotala amatenga kanyama kochepa ka chotupacho nakakapima pa makina. Zotsatira zimatenga masabata. Bungwe la WHO likulangiza kuti kupima konse kuthe pasanapite masiku 60.

Ikapezeka kuti ndi khansa, odwala ambiri amatumizidwa ku Chipatala Chachikulu cha Nampula, chimene chimalandira odwala a zigawo zitatu za Niassa, Nampula ndi Cabo Delgado. Kuchoka ku Cuamba kufika ku Nampula ndi makilomita oposa 300. Ulendowu si wa kamodzi ayi.

Chithandizo chili m'magawo anayi

Dokotala ndiye amasankha magawo oyenera mayi aliyense. Si onse amalandira anayi onse.

Gawo loyamba ndi opareshoni. Dokotala amachotsa chotupa kapena bere lonse, ndi timitsempha tina ta m'khwapa.

Gawo lachiŵiri ndi mankhwala a m'diripi otchedwa quimioterapia. Kaŵirikaŵiri amaperekedwa pa masabata atatu aliwonse, maulendo 6 kapena 8. Ena amayamba ndi diripi kuti chotupa chichepe, opareshoni nkubwera pambuyo. Mankhwalaŵa amafoola, amachititsa mseru ndipo amathothola tsitsi. Tsitsilo limameranso mankhwala akatha.

Gawo lachitatu ndi kuotcha maselo a khansa ndi mphamvu ya makina, kumene amati radioterapia. Makina otere anatsegulidwa pa Chipatala Chachikulu cha Maputo m'chaka cha 2019. Kuchoka ku Nampula kufika ku Maputo pa msewu ndi makilomita oposa 2,000, ndipo wodwala amakhalako masabata angapo.

Gawo lachinayi ndi mapiritsi, monga tamoxifeno. Mayi amamwa piritsi tsiku lililonse kwa zaka zisanu, mwina kuposa. Amapatsidwa kwa amayi okhawo amene mtundu wa khansa yawo umamva mapiritsiŵa.

N'chifukwa chiyani ena amasiyira panjira?

Mayi wina ndalama zoyendera zimamuthera pa ulendo wachitatu. Wina amaganiza za chimanga chosapalira ndi ana opanda wowaphikira. Wina akaona tsitsi likuthothoka amati mankhwala akumupha. Wina akaona chotupa chachepa amati wachira. Wina amaiŵala tsiku chifukwa satha kuŵerenga khadi lake.

Kusiyira panjira n'koopsa. Munthu akapalira theka la munda, udzu wotsalawo umabwereranso ponseponse. Khansa imateronso, ndipo ikabweranso imavuta kuposa poyamba. Koma taonani bwino zifukwa zija. Zambiri mwa izo si za dokotala. Ndi za ife a pamudzi.

Tigaŵane ntchito

Amayi asanu kapena asanu ndi mmodzi akwanira. Angakhale a mbumba imodzi, a kutchalitchi, a kumzikiti, a OMM kapena a kalasi lathu lino. Choyamba afunse wodwalayo ngati akulola kuti iwo adziŵe. Matenda ndi ake, ndipo wosankha anthu owauza ndi iye. Akalola, agaŵane ntchito motere.

Woperekeza. Munthu wamantha samva zonse zimene dokotala akunena. Ku Nampula amalankhula Chipwitikizi ndi Chimakuwa, pamene ambiri a ife timalankhula Chinyanja kapena Chiyao. Woperekeza akhale womvako Chipwitikizi ndi wosaopa kufunsa. Asanatuluke afunse mafunso atatu: Tibwerenso liti? Mankhwalaŵa amwe bwanji? Tikaona chiyani tithamangire kuchipatala? Amayi aziperekeza mosinthana kuti mmodzi asatope.

Wosunga masiku. Iyi ndi ntchito ya inu amene mwaphunzira kuŵerenga. Khadi la kuchipatala limalembedwa m'Chipwitikizi, koma manambala ndi omwe aja taphunzira. Nambala yoyamba ndi tsiku, yachiŵiri ndi mwezi. Pakalembedwa 03/06, ndiye kuti pa 3 Juni. Ngati diripi ndi ya masabata atatu aliwonse, onjezani masiku 21. Tsiku lotsatira likhala 24/06, kenaka 15/07. Komabe tsatani tsiku limene namwino walemba, chifukwa magazi akachepa amatha kulisuntha. Lembani masikuŵa m'kope. Guia, khadi ndi mapepala onse muziike m'pepala la pulasitiki kuti zisanyowe. Nthaŵi ya dzinja misewu imavuta, choncho nyamukani kudakali tsiku limodzi kapena aŵiri.

Wosunga ndalama. Musaŵerengere ulendo umodzi wokha. Ŵerengerani anthu aŵiri, kupita ndi kubwera, maulendo onse, pamodzi ndi chakudya ndi pogona. Amayi a chipereganyu, chimene ena amati xitique, angagwirizane kuti wodwala alandire msanga, kapena akhale ndi thumba lapadera la matenda. Wopanda ndalama apereke mpunga, nandolo kapena nsomba zouma kuti zigulitsidwe. Zonse zilembedwe m'kope ndipo ziŵerengedwe pamaso pa onse, kuti pasakhale kukayikirana.

Oyang'anira munda ndi ana. Sankhani tsiku lokapalira munda wake nonse pamodzi. Ana ake adye ndi ana anu ndipo asaleke sukulu. Mtima wa mayi ukakhala pansi za kunyumba, iye amalimba kuchipatala.

Wophika. Masiku otsatira diripi chakudya sichikoma. Mpatseni pang'onopang'ono koma kaŵirikaŵiri: phala la nsinjiro, mazira ophika bwino, nyemba, nsomba, masamba, nthochi ndi papaya. Madzi akumwa akhale oŵiritsa. Sambani m'manja ndi sopo musanamupatse chakudya.

Chizindikiro choopsa

Mankhwala a m'diripi amachepetsa mphamvu ya thupi yolimbana ndi matenda ena. Mayi wolandira diripi akatentha thupi kapena kunjenjemera, apite kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Musanene kuti ndi malungo wamba n'kukagula mapiritsi kumsika. Onetsani namwino khadi lake ndi kumuuza kuti akulandira quimioterapia. Chitani chimodzimodzi akamasanza kapena kutsegula m'mimba kosalekeza. Azigona m'neti masiku onse. Ngati akumwa ma ARV asaleke, koma dokotala wa khansa adziŵe. Mankhwala azitsamba asamwe dokotala asanauzidwe.

Ena a ife tili ndi abale kutsidya kwa Nayuchi kapena Chiponde, m'Malaŵi, ndipo timaganiza zokalandirira chithandizo kumeneko. Kusintha chipatala pakati pa mankhwala kumachedwetsa zinthu. Ngati n'kofunikadi, uzani dokotala ndipo tengani mapepala onse.

Mawu nawonso ndi chithandizo

Mayi wochotsedwa bere amachita manyazi. Ena amaleka kukasamba kudambo ndi anzawo. Ena amaopa kuti bambo awasiya. Mayi wa bere limodzi ndi mayi ndithu. Ankhoswe ndi amayi aakulu akhale pansi ndi bamboyo, amufotokozere kuti nthendayi sipatsirana ndi kuti mkazi wake akumufuna tsopano kuposa kale. Wodziŵa kusoka asoke kathumba ka nsalu yofeŵa, aikemo thonje, kuti mnzake aziika pachifuwa chilonda chikapola. Wina amupatse duku latsopano.

Pokamuona musamuuze za anthu amene anamwalira ndi khansa. Mukasoŵa chonena, khalani naye pakhonde muzitongola chimanga. Akafuna kulira, msiyeni alire. Zimene wakuuzani zisakafike kumjigo.

Chithandizo chikatha, ntchito sinathe

Pambuyo pa opareshoni phewa limauma. Anamwino amaphunzitsa kulimbitsa mkono, monga kuyendetsa zala pakhoma kukwera m'mwamba. Mnzake azichita naye tsiku ndi tsiku. Mkono wa mbali yochitidwa opareshoni umatha kutupa, ngakhale patapita zaka. Autchinjirize ku mabala ndi kumoto, ndipo asatemerepo mphini. Kusinja, kulima ndi kusenza ndowa ayambe pang'onopang'ono dokotala akalola. Mkono ukatupa, ukafiira kapena kutentha, apite kuchipatala.

Wakumwa tamoxifeno asadumphe tsiku ngakhale akumva bwino. Wosunga masiku aziŵerenga mapiritsi kuti ena akatengedwe akale asanathe. Mayiyu asatenge pathupi pamene akumwa mapiritsiŵa, choncho afunse namwino njira ya kulera yomuyenera. Akaona magazi achilendo kumaliseche, kapena mwendo umodzi ukatupa ndi kuŵaŵa, apite kuchipatala msanga.

Zaka zoyamba dokotala amamuona pa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi iliyonse, pambuyo pake kamodzi pa chaka. Asadikire tsiku lolembedwa akaona chotupa chatsopano, kuŵaŵa kwa mafupa kapena msana kosatha, chifuwa chosatha, kubanika kapena kuonda. Bere lotsalalo azilipimabe mwezi ndi mwezi.

Amayi ena amafika kuchipatala nthenda itafalikira kale, ndipo sangachire. Ameneŵa tisawataye. Mankhwala ochepetsa ululu alipo, ndipo tikawapemphe kuchipatala. Chilonda chitsukidwe monga namwino watiphunzitsira. Mayiyo asambitsidwe, adyetsedwe ndipo asagone m'nyumba yekha.

Mayi amene wamaliza chithandizo ndi mphunzitsi wa pamudzi. Iye akudziŵa khomo loloŵera ku Nampula, ndipo angaonetse mnzake wamantha tsitsi lake lomeranso. Ngati iye alola, mpempheni adzalankhule m'kalasi muno.

Mafunso

1. Tchulani zizindikiro zitatu za khansa ya bere.
2. Kodi mayi wolandira diripi akatentha thupi tichite chiyani?
3. Pa khadi palembedwa 05/08. Ndi tsiku liti, mwezi uti? Onjezani masiku 21.
4. Funsani mtengo wa ulendo wochoka kwanu kufika ku Nampula. Anthu aŵiri, kupita ndi kubwera, maulendo 6, ndi ndalama zingati?

Tikambirane

Mayi wa m'mudzi mwathu atapatsidwa guia maŵa, ndani amuperekeze? Ndani asunge masiku? Ndani akapalire munda wake? Lembani ntchito zimenezi m'kope lanu, ndipo pambali pa ntchito imene inu mungathe lembanipo dzina lanu.