Ndudu ya Montecristo No. 2: Tsamba Labwino, Nanga Kapichiridwe?

Ife a dziko lolima fodya timalidziwa tsamba lokhwima ndiponso fungo la m'chigafa. Tsono tili nawo ufulu wonenapo maganizo athu pa ndudu yaikulu ya ku Cuba yotchedwa Montecristo No. 2, imene magazini ya Cigar Aficionado inaisankha kukhala yopambana zonse m'chaka cha 2013.

Dzina la Montecristo linayamba mu 1935 mumzinda wa Havana. Nduduyi ndi yotalika mamilimita 156, ndipo kumutu kwake n'kosongoka. Ilibe pepala, ilibenso fodya woduladula. Ndi masamba athunthu ochokera ku Vuelta Abajo, m'chigawo cha Pinar del Río. M'kati amaikamo masamba a m'munsi kuti moto uziyenda bwino, a pakati kuti apereke fungo, ndi a kunsonga, oombedwa kwambiri ndi dzuwa, kuti apereke mphamvu. Tsamba lina limamanga onsewa, ndipo pamwamba amakulungapo tsamba losalala lolimidwa pansi pa nsalu.

Za kukoma kwake sitikutsutsa ayi. Poyamba utsi umabwera wofewa, wonunkhira ngati mkungudza ndi mtedza wokazinga. Moto ukafika pakati pamamveka khofi ndi koko, ndiponso katsabola pang'ono pa lilime. Chakumapeto imalimba ndithu, ndipo wosuta mothamanga imamulanga ndi kuwawa. Imafuna ola lathunthu. Kunena zoona, kukomaku sikuchotsa matenda amene fodya aliyense amabweretsa.

Pamene tili ndi mawu ndi pa kapichiridwe kake. Ndudu yosongoka ndi yovuta kupanga ndi manja. Masamba akathinana kumutuko mpweya sudutsa, ndipo munthu amakoka mpaka masaya kupweteka. Tsamba la kunsonga lija likapendekera mbali imodzi, moto umathamangira mbali inayo. Kwa zaka zambiri osuta akhala akudandaula kuti m'bokosi limodzi mumapezeka zina zoyenda bwino, zina zotsekeka.

Zotere sitingazikhululukire pa ndudu imene ku London imagulidwa ndalama zoposa zimene mlimi wa fodya wa bale amalandira pa makilogalamu angapo ku okushoni ya Kanengo. Wogula akupereka ndalama zimenezi makamaka chifukwa cha luso la wopichira. Tikupempha aliyense wofuna kuilawa kuti asanalipire aigwire pakati pa zala kuchokera kumutu mpaka kumchira, ndipo akamva pena polimba ngati fundo, aibweze asankhe ina.