Ba Sisi, Zaka 6 pa Desiki Imodzi? Yambani Chilimba cha Nchito

Mumauka kukali mdima, mumasambitsa ana, mumalimbana na basi ya ku Chelstone kapena Kabwata, ndipo 08:00 isanakwane muli kale pa desiki mu Cairo Road. Lipoti ya ba boss ni imwe mumalemba. Kasitomala akakalipa, ni imwe amaitana. Koma pulomoshoni ikabwera, imapita kwa mnyamata amene munamuphunzitsa nchito chaka chatha.

Tikambe zoona. Kusebenza na mphamvu chabe sikukweza munthu. Alangizi anatiphunzitsa kuti mkazi waulemu sakamba-kamba, koma mu ofesi, ukakhala zii, amaganiza kuti uli bwino pamene uli. Mwana wa ku Kabulonga kapena Woodlands nthawi zambiri ali na ankolo ake oimba foni imodzi, chitseko n'kutseguka. Ise okulira mu komboni tiyenera kudzipangira tokha ankolo otere. Nazi njira zake.

Choyamba, dziwani lamulo

Azimai ambiri amabwerera kumbuyo pa nchito nthawi ya mimba na mwana wakhanda. Ena amaleka okha chifukwa cha mantha, osadziwa kuti lamulo lili kumbali yawo. Employment Code Act ya 2019 imapatsa mzimai masabata 14 a livu ya uchembere, ndipo ngati mwasebenza pa kampani imodzi zaka 2 mosalekeza, livu imeneyo ni ya malipiro onse. Mukabwerera, kwa miyezi 6 kuchokera pamene munabereka muli na ola imodzi tsiku lililonse ya kuyamwitsa, ndipo sakuyenera kukudulani ndalama. Kuchotsa munthu nchito chifukwa cha mimba ni mlandu. Mother's Day, tsiku limodzi pa mwezi, ni yanu, simufunika kalata ya ku kiliniki. Amuna anu nawonso ali na masiku 5 a livu mwana akabadwa, so asakuuzeni kuti ku nchito anakana asanapemphe n'komwe.

Lamulo lomweli limafuna kuti kampani ikhale na ndondomeko yolembedwa pa nkhani ya kuvutitsa anthu pa nchito. Manejala akayamba zija za "tikambilane ku lodge", sungani mameseji, lembani tsiku na nthawi, pitani kwa HR. Zikakanga, ofesi ya Labour Commissioner ili ku New Government Complex mu Independence Avenue. Kontrakiti yanu na ma payslip sungani kunyumba, osati mu dirowa ya ku ofesi, ndipo muzionako ngati ndalama za NAPSA zilowadi.

Chachiwiri, pepala yanu isagone

Dipuloma ya 2016 yomwe ili mu sutukesi siingakumenyereni nkhondo yokha. Ngati muli mu akaunti, khalani membala wa ZICA wolipira. Mainjiniya ali na EIZ, a HR ali na ZIHRM, maloya ali na LAZ. Ku misonkhano ya mabungwe amenewa ni kumene ma bwana amaona nkhope zatsopano, ndipo nchito zambiri zimamveka kumeneko zisanafike mu nyuzipepala.

Sukulu nayonso siili patali. ZCAS ili mu Dedan Kimathi Road, Evelyn Hone ili mu Church Road, NIPA ili pafupi pomwepo, UNZA ili mu Great East Road popita ku Chelstone. Funsani za makalasi a madzulo kapena ophunzira muli kunyumba. Okonda zamakompyuta, funsani za Asikana Network, gulu lothandiza atsikana na azimai mu tekinoloje, komanso BongoHive, kumene achinyamata a mabizinesi atsopano amakumana. Mudzati ndalama palibe. Werengani chitenje, mphatso na tsitsi la ma kitchen party atatu, muone ngati sizifika pa fizi ya kosi imodzi yaifupi.

Chachitatu, pezani wokamba dzina lanu

Pulomoshoni imagamulidwa mu chipinda chomwe imwe mulibemo. Nanga ndani adzakamba dzina lanu mmenemo? Sankhani munthu mmodzi wamkulu pa nchito, mzimai kapena mwamuna waulemu wake, mumupemphe mphindi 20 pa mwezi. Osapita na "nithandizeniko" chabe. Pitani na funso: nifuna kukhala supavaiza mu zaka 2, chikusowa ni chiyani pa ine?

Gulaninso kabuku. Mlungu uliwonse lembani zimene mwachita: makasitomala angati, nkhongole zingati mwatolera, vuto liti mwakonza. Tsiku la appraisal, tsegulani kabukuko. Pempho la kukweza malipiro likhale pa manambala, osati pa kukwera kwa unga na lendi, chifukwa ba boss nawonso adzakuuzani za unga wawo.

Musaganize kuti mipando ya pamwamba ni ya amuna okha. Mizinga Melu anatsogolera Standard Chartered mu Zambia, kenaka Barclays yomwe manje ni Absa. Mukwandi Chibesakunda anakhala mkulu wa Zanaco mu 2020. Linda Kasonde anasankhidwa mzimai woyamba kutsogolera LAZ mu 2016, Nelly Mutti anakhala Sipikala woyamba wamkazi mu 2021, ndipo loya Monica Musonda anayambitsa Java Foods, opanga ma noodles a eeZee amene ana anu amalirira. Chitseko chinatseguka kale. Chovuta n'chakuti ambiri tikali kuima panja, aliyense payekha.

Manje, chilimba cha nchito

Chilimba timachidziwa bwino. Mwezi ukatha timasonkha, mmodzi amagula firiji, wina amalipira fizi ya mwana. Chitani chimodzimodzi na nchito. Sonkhanani azimai 5 kapena 6 ochokera ku makampani osiyana, kamodzi pa mwezi, kaya ku Kabwata pambuyo pa tchalitchi kapena pa WhatsApp. Aliyense abwere na chopereka: malo a nchito amene wamva, nambala ya munthu, kapena ola imodzi yokonza CV ya mnzake. Mwezi uno gulu lonse likankhe mmodzi, limuyese mafunso a intavyu mpaka mantha athe. Mwezi wamawa, wina. Uzanani malipiro mosabisa, chifukwa amene sadziwa mtengo wake amagulidwa motchipa. Ndipo amene wakwera, asatseke foni.

Malipiro a mwezi uno akalowa, chitani zinthu zitatu: werengani kontrakiti yanu mpaka tsamba lomaliza, konzani CV, ndipo tumizani meseji kwa anzanu 5. Auzeni kuti Chiwelu chino pali chilimba chatsopano, ndipo chopereka si ndalama.