Khonsolo ya Ntcheu Ili m'Manja mwa Yani?

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwerera mu 1994, anthu a ku Ntcheu anasankha makhansala koyamba m'chaka cha 2000. Nthaŵi yawo itatha mu 2005, chisankho china sichinachitike kufikira 2014. Pa zaka zisanu ndi zinayi zimenezo khonsolo inali m'manja mwa Bwanamkubwa ndi antchito a boma, anthu amene sanasankhidwe ndi mudzi uliwonse.

Mu 2010 lamulo linapatsa aphungu a Nyumba ya Malamulo mphamvu yovota m'khonsolo, koma mafumu amakhalamo opanda voti. Tsono khansala ndiye maso a mudzi. Iye akagona, ndani adzafunsa kumene zapita ndalama zamsonkho za pamsika wa Lizulu kapena wa Tsangano?